Chithunzi chofiira chija sichinanene kuti muthawe, sichinanenenso kuti mugone

Imelo ya mayi wina yakhala m'foni mwanga masabata awiri osayankhidwa. Sikuti ntchito inandichulukira ayi. Ndimati ndikaitsegula, ndiwerenge mizere itatu, n'kuitsekanso. Funso lawo ndi lalifupi. Munthu wina anaponya pa gulu la WhatsApp chithunzi cha setilaiti chosonyeza chimtambo chofiira ngati magazi, iwo anadzutsa ana pakati pa usiku n'kukagona kwa achibale, kunja kunacha kopanda ngakhale dontho, ndipo mpaka lero apabanja akuwaseka. Akufuna kudziwa ngati munthu wamba angathe kuyang'ana zithunzizi n'kudziwa yekha kuti namondwe akubwera kapena ayi.

Mayi, alekeni aseke. Ine ndinalakwitsa mbali inayo, ndipo palibe amene anaseka.

Matenda a zithunzizi anandigwira kalekale. Tsiku lina ndinaona kakanema ka dziko lonse lathunthu, lozungulira ngati mpira, mdima ukukwawa kuchokera kum'mawa, masana mitambo ya mabingu ikutumphuka pamtunda ngati thovu, madzulo n'kuphwa. Ndinakaonera mwina kakhumi. Kuyambira pamenepo ndinkati ndikadzuka, ndisanasukusule n'komwe, ndayamba ndaona kaye mitambo. Achibale anazolowera kundifunsa za mvula, ndipo ndivomere, zinkandikoma kufunsidwa.

Ndiye kunabwera Freddy. Namondwe ameneyu anabadwira kutali, panyanja ya pakati pa Indonesia ndi Australia, kumayambiriro kwa February 2023. Ndinamutsatira tsiku ndi tsiku akuwoloka nyanja yonse ya Indian, kadontho kakuda ka diso lake kali bwinobwino pakati pa mitambo yoyera. Anagunda Madagascar pa 21 February, anafika ku Mozambique pa 24 February, aliyense n'kuganiza kuti zatha. Koma anabwerera kunyanja, n'kukatenganso mphamvu m'madzi ofunda a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, n'kudzalowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 March. Bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wa mtundu wake amene anayezedwapo. Mwezi wathunthu ndikumuyang'ana, ndinafika podziona ngati ndikumudziwa ngati mnansi.

Usiku wotsatira mlongo wanga anaimba foni. Nyumba yawo inali m'munsi mwa phiri, ndipo mvula inali itagwa kale tsiku lonse. Anati, "Achimwene, inu mumaonera zimenezi, tichoke kodi?" Ndinatsegula chithunzi. Diso lija linali litatsekeka. Mitambo imene inkazungulira mwadongosolo inali itabalalika ngati thonje lomwazika, ndipo kufiira kuja kunali kutachepa. Ndinamuyankha mosakayika ngakhale pang'ono kuti chafooka chimenechi, gonani.

Chimene chinawatulutsa m'nyumba m'bandakucha ndi mnansi amene anamenya chitseko, madzi atafika kale m'mawondo. Khoma la kuchipinda cha ana linagwa iwo atangochoka. Onse ali moyo, ndipo si chifukwa cha ine. Anthu mazanamazana kum'mwera kwa Malawi sanapulumuke masiku amenewo, ambiri mwa iwo anakwiriridwa ndi matope ndi miyala yochokera m'mapiri.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chithunzi chija sichinaname. Namondweyo anali atafookadi. Namondwe amadya kutentha kwa nyanja, amafuna madzi ofunda pafupifupi madigiri 26 kapena 27, ndipo akakwera kumtunda mphepo yake imachepa, diso limatha. Koma mphepo ikachepa sindiye kuti madzi amene wasenza atha. Freddy anayenda pang'onopang'ono, n'kumakhuthula mvula malo amodzimodzi kwa masiku angapo panthaka imene inali itakhuta kale. Ine ndinkayang'ana maonekedwe a namondwe, pamene choopsa chinali kuchuluka kwa madzi ndi kutsetsereka kwa phiri, zinthu zimene chithunzi chija sichikanandionetsa. A zanyengo anali atachenjeza za mvula yoopsa. Ndinawamva, koma ndinakhulupirira maso anga.

Tsono tibwere ku kufiira kwanu kuja, mayi. Mtambo wofiira kulibe. Masetilaiti ambiri a zanyengo amakhala pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, pomwe amazungulira mofanana ndi liwiro la dziko, choncho amaoneka ngati angoima malo amodzi. Kumeneko kuli ma Meteosat a ku Ulaya amene amayang'ana Africa ndi nyanja ya Indian, ma GOES a ku America, ndi ma Himawari a ku Japan. Amajambula mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Masana amatha kujambula ndi kuwala kwa dzuwa monga mmene diso lathu likanaonera. Usiku kuwalako kulibe, ndiye amayeza kutentha kumene chinthu chilichonse chimatulutsa, njira imene amaitcha infrared. Mtambo ukakwera kwambiri, nsonga yake imazizira kwambiri, nthawi zina mpaka madigiri 80 pansi pa ziro. Kompyuta ndiyo imapaka mitundu: kozizira pang'ono kobiriwira, kozizira kwambiri kofiira, kopitirira apo kwakuda kapena kofiirira. Ndipo tsamba lililonse limapaka mmene lafunira. Chofiira cha uku chikhoza kukhala chachikasu kwina.

Kunena mwachidule, chofiiracho chikungotanthauza kuti denga la mtambo ndi lozizira. Kawirikawiri pansi pake pamagwadi mvula yamphamvu, sindikukana. Koma mtambo wa mabingu ukafika pamwamba umayala chinsalu chopyapyala cha madzi oundana chimene mphepo imachikokera kutali, ndipo pansi pa chinsalucho mukhoza kuyanika zovala. Mbali inayo ndi imene inandipha ine: mitambo yotsika, yosazizira kwenikweni, imene pachithunzi imangooneka yotuwa ngati yopanda vuto, ikakankhidwira paphiri imatha kugwetsa mvula usiku wonse osaleka. Onjezaninso kuti kuchokera patali chonchi, kadontho kamodzi ka chithunzi cha infrared kamaphimba makilomita awiri kapena atatu. Nyumba yanu, mtsinje wa kuseri kwanu, zonse zili m'kadontho kamodzi.

Musandimve ngati ndikunyoza makinawa. Kungakhale kusayamika. Setilaiti yoyamba ya zanyengo imene inagwira bwino ntchito, TIROS-1, inaulutsidwa ndi NASA, bungwe la ku America la zamlengalenga, pa 1 April 1960, ndipo inangogwira ntchito masiku 78, zithunzi zake zili mbuu. Isanabwere imeneyo, namondwe wa pakati pa nyanja kawirikawiri ankadziwika pokhapokha sitima ikakumana naye n'kupulumuka kuti ikanene. Mu 1900 mzinda wa Galveston ku America unakokoloka, anthu oposa 6,000 n'kufa, ambiri osadziwa kukula kwa chimene chinkabwera. Lero palibe namondwe amene angabadwe panyanja iliyonse osaonedwa. Kunyanja ya Atlantic amatumiza ndege kukalowa m'kati mwa namondwe kukayeza mphepo, koma kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian ndege zoterozo siziuluka nthawi zonse, ndiye akatswiri a pachilumba cha La Réunion, amene ali ndi udindo woyang'anira dera limeneli, amadalira kwambiri masetilaiti. Amagwiritsa ntchito njira imene Vernon Dvorak anaikonza m'zaka za m'ma 1970, yoyerekeza mphamvu ya mphepo poona mmene mitambo yapindikira, kuyera kwa diso ndi kuzizira kwa mitambo yolizungulira. Taonani, iwonso amayang'ana chithunzi chomwecho chimene ine ndinkayang'ana. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amachiphatikiza ndi zoyeza za masetilaiti ena otsika amene amaona kupyola denga la mtambo, monga GPM ya America ndi Japan imene inakwera mu 2014 ndipo ili ndi radar yoyeza mvula, kuphatikizanso mabaluni onyamula zida zoyezera nyengo, zoyezera zoyandama panyanja ndi makompyuta akuluakulu owerengera kumene mpweya ukulowera. Ine ndinali ndi foni ndi kudzikhulupirira.

Ndipo apa ndilankhule mosapsatira, chifukwa pamene ndikulemba mtima ukundiwawa. Munthu amene amaponya chithunzi cha namondwe pagulu popanda tsiku, popanda kumene wachitenga, n'kulembapo kuti "tumizirani ena", akuchita choipa, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani. Amene anakutumizirani inu anakuchotserani tulo usiku umodzi, koma chachikulu n'chakuti anakuberani chikhulupiriro cha apabanja panu. Tsiku limene mudzawadzutse pa chifukwa chenicheni, adzatembenukira kukhoma. Ndaonapo ndi maso anga chithunzi chikuzungulira m'magulu, akuti namondwe watsala pang'ono kufika, koma mitambo yake ikuzungulira mobwerera. Kum'mwera kwa ikweta namondwe amazungulira mmene muvi wa wotchi umayendera, kumpoto kwake amazungulira motsutsana nawo. Chithunzi chimenecho chinali cha mbali ina ya dziko, ndipo mwina cha chaka china. Ndinalemba pagulupo kufotokoza, wina n'kundiyankha kuti ndisiye kutsutsa zinthu zoti zipulumutse anthu.

Palinso mapulogalamu aja a mizere yokongola yoyenda ngati utsi, onga Windy. Anthu ambiri amati "ndaona pa setilaiti". Mizere ya mphepoyo si chithunzi. Ndi zimene kompyuta yawerengera kuti zingachitike, ndipo mukasuntha kampira ka m'munsi kufika masiku asanu ndi awiri kutsogolo, mukuona zongoyerekeza zimene mawa zikhoza kusintha. Zothandiza, inde, ine ndimazitsegulabe. Koma palibe kamera imene inajambulapo Lachinayi la sabata yamawa.

Zithunzi za pansi, osati za mitambo

Izi simunafunse, koma ndi zimene zinandibwezera ku masetilaiti nditawanyanyala kwa miyezi ingapo. Pali ena amene amauluka motsika, makilomita 700 kapena 800, akudutsa kufupi ndi nsonga ziwiri za dziko, dziko likutembenuka pansi pawo. Landsat ya ku America yakhala ikujambula nthaka kuyambira 1972, ndipo ya masiku ano kadontho kake ndi mamita 30. Sentinel-2 ya ku Ulaya imafika mamita 10 ndipo imabwerera malo amodzi pakapita masiku asanu. Zithunzi zake n'zaulere. Ndi zimenezi anthu anaonera nyanja ya Aral ya pakati pa Asia ikuphwa chaka ndi chaka mpaka gawo lake lalikulu kusanduka chipululu cha mchere, ndi nkhalango za Amazon zikudulidwa m'mizere ngati minga ya nsomba.

Mitambo itachoka, ndinafufuza phiri lija. Ndinaika zithunzi ziwiri pambalipambali, cha mvula isanagwe ndi cha pambuyo pake. Pachoyamba phiri lili lobiriwira, ngakhale kuti pena ndi pena mitengo inali itatha kale. Pachachiwiri pali mikwingwirima yofiirira kuchokera pamwamba mpaka m'munsi, ngati chilombo chakanda ndi zikhadabo. Umodzi mwa mikwingwirimayo ukutsata kakhwawa kamene sindinkakadziwa n'komwe, n'kukathera pafupi ndi pamene panali nyumba ya mlongo wanga. Kakhwawako kakuonekanso pachithunzi choyamba, kamzere kakuda kopyapyala. Kanalipo nthawi yonseyi. Mwezi wathunthu ndinkayang'ana diso la namondwe lili makilomita masauzande kutali, osayang'anapo ngakhale kamodzi malo amene ana aja ankagona.

Pano ndikumbutse kuti zimene mumaona pa Google Earth si za lero. Ndi zigamba za zithunzi za masiku osiyanasiyana, zina za zaka zapitazo, zina zojambulidwa ndi ndege. Musakafufuzepo madzi osefukira a usiku wathawu.

Nanga yankho lanu, mayi? Ayi, ndi chithunzi chokha simungadziwe. Chimakuonetsani pamene mitambo inali mphindi zingapo zapitazo, osati kumene ikupita kapena madzi amene igwetse. Wina akakutumizirani, yambani mwafuna tsiku ndi nthawi pakona pake, ndipo kumbukirani kuti nthawiyo kawirikawiri imalembedwa mu UTC, nthawi imodzi imene dziko lonse limayezerapo, ndiye muisinthire ku nthawi ya kumene muli. Ngati palibe tsiku, chifufuteni. Ngati mukufuna kudzionera nokha, onerani kakanema ka maola angapo pa tsamba la EUMETSAT, bungwe la ku Ulaya loyendetsa ma Meteosat aja, osati chithunzi chimodzi. Koma za kuchoka kapena kukhala, mverani chenjezo la nthambi ya zanyengo ya dziko lanu, ndipo muliphatikize ndi zimene mukuzidziwa inuyo zimene setilaiti sikuzidziwa: ngati muli m'munsi mwa phiri, m'mbali mwa mtsinje, ngati mvula yagwa masiku awiri osaleka, ngati madzi a m'ngalande asanduka matope. Zikatero tengani ana, ngakhale chithunzi chitakhala choyera.

Mlongo wanga anamanganso kwina, pamalo okwera. Timalankhulana pafupifupi sabata iliyonse, ndipo nkhani ya usiku uja sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Foni yake ikavuta amandifunsa. Za mvula anasiya.