Kodi osoka m'fakitale amaikonda ntchito yawo?

Mtsikana wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Msuweni wake wamupezera malo m'fakitale yosoka zovala ku Joni, ndiye akufunsa ngati anthu ogwira ntchito zoterezi amasangalala nazo. Mchemwali, funso lanuli landisowetsa tulo, chifukwa ineyo ndinakhalapo pa makina zaka zinayi m'fakitale ina kuno ku Blantyre. Inali nthawi ija lamulo la dziko la America lotchedwa AGOA la m'chaka cha 2000 litangotsegulira katundu wa ku Africa msika wa kumeneko, mafakitale akulemba anthu ngati mvula.

Ntchito yanga inali makolala. Makolala okhaokha, kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo. Zaka zonsezo sindinasokepo shati yathunthu m'menemo. Kapitawo ankalemba tageti pa bolodi, ukalephera kuikwanitsa dzina lako limatchulidwa pagulu. Kuchimbudzi kunali kochita kupempha, munthu wamkulu wa ana awiri. Ndikafika kunyumba msana uli gwa, m'mphuno muli fumbi la nsalu, makutu akulirabe ngati makina sanazime.

Komatu mukanandifunsa nthawi imeneyo, ndikanakuuzani kuti ntchito ndimaikonda, ndipo silikanakhala bodza. Ndinkakonda amayi a pa mzere wanga. Nkhomaliro tinkadyera pamodzi, wina kubweretsa usipa, wina chigwada. Mnzathu akaferedwa tinkasonkha. Chiperegani chathu ndicho chinandigulira Singer imene ndikudyera mpaka lero pakhonde langa. Ndipo kolala ikatuluka yosalala bwino, mtima unkachita kuti myaa, ngakhale sunkadziwa amene adzaivale.

Osoka sadana ndi kusoka ayi. Chimene chimawawa n'kuwerengedwa ngati manja opanda mwini. Izi ndimazinena mosaopa, ndipo amene amati "bola ali pa ntchito" ndimawapempha akakhale pa mpando uja sabata imodzi yokha. Lamulo lathu la ntchito la 2000 limati maola asapitirire 48 pa sabata, koma ndani amene angatchule lamulo pamene pageti pali anthu ena odikira malo ake omwewo?

Chimandipwetekanso n'chakuti mwana wa ku Ndirande azikasaka singano ku Joni, pamene thonje timalima ku Chikwawa, Balaka ndi Salima. Makolo athu ankavala nsalu za David Whitehead monyadira, zoombedwa konkuno. Kenako kaunjika anadzaza misika yonse, ndipo ineyo sindinena amene amagula, poti m'thumba ndi momwe mumalamula. Koma belo lililonse lotsegulidwa ku Limbe limandikumbutsa anzanga amene anachotsedwa ntchito maoda atachepa.

Za ku Joniko

Mu November 2019 apolisi anapeza Amalawi 91, ena mwa iwo ana, akugwiritsidwa ntchito atatsekeredwa m'fakitale ina ku Village Deep mu Johannesburg. Amene ankayendetsa fakitaleyo anamangidwa ndipo khoti linadzawapeza olakwa. Sindikuti mafakitale onse ali choncho, koma anthu amenewonso anachoka kwawo atalonjezedwa ntchito.

Ndiye mchemwali, musanakwere basi, msuweni wanuyo akuuzeni dzina la fakitale, malipiro ake, ngati amalipira pa ola kapena pa chidutswa, ndiponso komwe muzikagona. Akati muzigona m'fakitale momwemo, musapite. Pasipoti isachoke m'manja mwanu, ndipo mukakakhala pa makina, pemphani kuti azikusinthani mzere kuti muphunzire shati yonse.