Kuchoka ku Ulónguè mpaka ku Songo tsiku limodzi? Ayi, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Akuti iye ndi anzake awiri, aliyense ndi galimoto yake, akufuna kukaona damu la Cahora Bassa mwezi wa Novembala. Iye ali ndi Toyota Mark X yomwe anaitsitsa kuti izioneka yogundana ndi pansi, ndipo akufunsa ngati angathe kunyamuka m'mawa, kukafika ku Songo, tauni ya pafupi ndi damulo, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Achimwene, kutheka kungatheke, koma mudzabwerako musanaone kanthu kupatula phula ndi kumbuyo kwa mathiraki. Kuchoka kwanuko kufika mu mzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo kuchoka pa Tete kufika ku Songo ndi ena pafupifupi 150. Ulendowu upatseni masiku atatu.

Chachiwiri ndi mweziwo. Inu a ku Angónia munazolowera kamphepo kozizira, moti m'mawa mumavala juzi. Kwanuko muli pamwamba, mamita oposa 1,000, pomwe Tete ali pansi m'chigwa cha Zambezi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, chiwongolero chimawotcha m'manja, ndipo injini imene kwanu siinavutepo imayamba kuonetsa matenda ake onse. Ndikanakhala ine ndikanadikira Juni kapena Julayi. Ngati Novembalayo simungamusinthe, muziyenda m'bandakucha, masana muzikhala pamthunzi.

Tsiku loyamba musathamange. Msewu wotsika ku Ulónguè kupita ku Mussacama ndi umene ine ndimaukonda kuposa yonse m'chigawo chino, chifukwa dziko limasintha mukuliona. Mumayamba ndi minda ya mbatata ya kachewere ndi chimanga, amayi atayala kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu, mbali inayo mapiri a Malawi ali pafupi ngati mungawagwire. Mukamatsika, zobiriwira zimayamba kuchepa, mpaka mumangoona mwalowa m'dziko la milambe ndi mbuzi. Tsegulani zenera pamenepo, mudzamva mpweya ukusintha pankhope. Pa Mussacama mumakumana ndi msewu wa N7 wochokera ku Zóbuè, ndipo kuyambira apo chidwi chonse chikhale pa mathiraki, makamaka chakufupi ndi Moatize komwe kuli migodi ya malasha.

Mu Tete lowerani pa mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe uja, womwe unatsegulidwa mu 1973. Mathiraki olemera masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende wa mu 2014, kumunsi kwa mtsinje. Dzuwa likamalowa khalani m'mbali mwa Zambezi ndi mbale ya nyama ya mbuzi yootcha. Mbuzi ya ku Tete siifuna kuinenerera.

Anthu ambiri amandifunsanso za Boroma, mishoni yakale ya Ajezuiti yomwe ili pa phiri kumtunda kwa mtsinje, makilomita pafupifupi 25 kuchoka mumzinda. Ndi malo okongola, koma Mark X yotsitsidwa isapiteko. Isiyeni pamalo ogona, mukwere ya mnzanu ngati ili yokwera miyendo.

Tsopano pa nkhani ya Songo ndikhalitsepo pang'ono. Mumatuluka mu Tete ngati mukupita ku Changara, n'kukhota pa Matambo kulowera ku Chitima. Mpaka apo msewu ndi wachigwa. Mukapyola Chitima ndiye pamayamba chikweza chokhotakhota chokwera ku Songo, ndipo apa ndi pomwe okonda galimoto amasangalala, komanso pomwe amalirira. Ine zinandionekera zaka zapitazo. Ndinali nditapereka Corolla yanga kwa makaniko wina kuti aione ndisananyamuke, iye n'kunena kuti zonse zili bwino. Pakati pa phiri singano ya kutentha inakwera mpaka pofiira. Ndinaima, ndipo mwaphuma ndinagwira chitsekero cha ladiyeta ndi kansalu. Madzi otentha anatumphuka, chipsera chake chilipobe pamkono wamanjawu. Kapaipi kakang'ono kanali katang'ambika, kinthu koti kakanaoneka munthu akanangokafinya ndi zala. Ndiye inu finyani mapaipi onse nokha musananyamuke, onani lamba wa fani, nyamulani madzi okwanira m'zigubu, ndipo injini ikatentha musatsegule kanthu mpaka itazizira.

Pobwerera, potsika phiri lomwelo, musakhalire kuponda buleki. Ikani giya yaing'ono kuti injini izigwira galimoto. Ngakhale yanu ndi ya otomatiki, giyayo mukhoza kuitsitsa. Ndipo poti muli atatu, gwirizanani kuti pa makona palibe kupitana. Wagalimoto yofooka akhale patsogolo, enanu mumutsate.

Pamwambapo mudzapeza kamphepo kokukumbutsani kwanu. Khoma la damulo ndi lalitali mamita 171, lomangidwa pampata wopapatiza pakati pa mapiri, ndipo makina ake asanu amapanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo n'kupita ku South Africa. Ntchito yomanga inatha mu 1974, koma Mozambique inadzatenga ulamuliro wa damuli kuchokera kwa Apwitikizi mu 2007. Malowa amayang'aniridwa ndi HCB, kampani yoyendetsa damuli, choncho funsani chilolezo pasadakhale ngati mukufuna kulowa mkati, musangofika ndi makamera.

Za mapepala mukuzidziwa: laisensi, livrete (buku la galimoto), seguro (inshuwalansi), pepala la inspecção (losonyeza kuti galimoto inayesedwa), matrayango awiri ndi kolete, chovala chonyezimira chija. Apolisi a malaya oyera amakonda kuima polowera m'matauni, pomwe liwiro ndi 60. Thirani mafuta odzaza thanki mu Tete. Ndipo pobwera mukagule chikowa, nsomba youma yamchere ija, koma muikulunge bwino, apo ayi Mark X yanu idzanunkha mpaka Khirisimasi.