Kugoneka mwana wa zaka ziwiri pamene mukugona naye chipinda chimodzi ku loji

Mayi ena a ku Chilomoni anditumizira kalata pa imelo sabata yathayi, ndipo funso lawo ndaona kuti ndiliyankhe pano chifukwa makolo ambiri akukonzekera maulendo a tchuthi cha Khirisimasi. Iwo ndi amuna awo akufuna kupita ku Mangochi kwa masiku anayi pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu, koma ndalama zomwe asunga zikukwanira chipinda chimodzi chokha. Kunyumba mwanayo amagona pakabedi kake m'chipinda china, limodzi ndi msuweni wake wamkulu, ndipo savuta. Koma atapita naye ku Zomba mwezi wa Ogasiti, anakana kugona mpaka cha m'ma 11 koloko usiku, akungodumpha pabedi, kenaka kulira kosatonthozeka, moti mayiwo anabwerako atatopa kuposa mmene anapitira. Akufunsa chimene angachite kuti zimenezi zisachitikenso.

Mayi, choyamba ndikufuna kuti mtima wanu ukhale pansi, chifukwa mwana wanu sanachite mwano ndipo inu simunalakwitse kalikonse. Mwana wa msinkhu uwu sadziwa kuwerenga wotchi, koma amadziwa kuti nthawi yogona yafika poona mmene zinthu zikutsatanira madzulo. Amasamba, amadya, amavala chovala chake chogonera, wina amamuimbira kapena kumusisita pamsana, kenaka nyali imazima. Thupi lake linazolowera kuti zimenezi zikatsatana motere tulo tili pafupi. Ku Zomba kuja zonsezi zinasokonekera pa tsiku limodzi, ndipo pamwamba pake anaona amayi ndi abambo ake ali maso pambali pake, akulankhula, foni zikuwala, wailesi ya kanema ili yoyatsa. Kwa iye chimenecho chinali chizindikiro choti tsiku likupitirira. Choncho yankho langa lagona pa mfundo imodzi, yakuti munyamule ndondomeko ya madzulo ya kunyumba kwanu ndi kukaichita ku loji monga mmene mumaichitira ku Chilomoni, pa nthawi yomweyo ndiponso motsatana chimodzimodzi.

Ndikufotokozereni zimene ndinaona ndekha. Mwana wanga wachiwiri ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi khumi tinapita naye kunyanja, ndipo usiku woyamba tinauchezera. Tinali titamusambitsa masana chifukwa cha mchenga, tinadya mochedwa poyembekezera chambo kuti chipse, ndipo pofika kuchipinda maso ake anali atafiira, akutikita makutu, akukana bere, akukana madzi, akukana ngakhale kunyamulidwa. Ndinamubereka kumbuyo nkuyamba kuyenda naye pakhonde, ndikupita ndikubwera, mpaka mlonda anandibweretsera mpando. Tsiku lachiwiri ndinasintha. Itangokwana 6 koloko ndinamusambitsa m'beseni ndi madzi ofunda, ngakhale kuti anali woyera kale, ndinamudyetsa phala lomwe ndinapempha akukhitchini kuti atiphikire msanga, ndinamuveka malaya ake akale a kunyumba, kenaka ndinayala chitenje changa chomwe amafunda masiku onse. Anachigwira kumapeto, nkuchiika pamphuno monga amachitira, ndipo isanakwane hafu pasiti seveni anali atagona. Chipinda chinali chomwecho, kutentha kunali komweko, phokoso la mafunde linali lomwelo.

Chitenje chimenecho musachichape musananyamuke. Ndikudziwa kuti mayi aliyense amafuna kulongedza zoyera zokhazokha, koma fungo la kunyumba ndilo limamuuza mwana kuti ali pamalo otetezeka. Chimodzimodzinso kabulangeti kake kapena chidole chomwe amagona nacho, ngati ali nacho.

Tsopano za chipinda chenichenicho. Vuto lalikulu la kugona chipinda chimodzi ndi lakuti mwana amakuonani. Mukafika, yang'anani ngodya yomwe ili kutali ndi chitseko ndi nyali, ndipo mumukonzere malo ake pamenepo. Ngati loji ilibe kabedi ka ana, pemphani matiresi apadera nkuwayala pansi, chifukwa mabedi a m'malo ogona alendo amakhala aatali ndipo mwana wogubuduzika usiku akhoza kugwa. Kenaka muike mipando iwiri pakati pa malo ake ndi bedi lanu nkuyanikapo chitenje kapena nsalu ya pabedi, kuti akatembenuka asaone nkhope zanu koma azimva kuti mulipo. Nsaluyo ikhale patali ndithu kuti asaikoke nkudziphimba nayo kumaso. Makatani a m'maloji ambiri ndi opepuka, ndipo mu Disembala kunyanja kumakhala kutayera kale cha m'ma 5 koloko m'mawa, choncho thaulo lakuda lopachikidwa pazenera likhoza kukupatsani ola lina la tulo. Mdima ndi wofunika chifukwa ndi umene umachititsa thupi kutulutsa melatonin, yomwe imabweretsa tulo, pamene kuwala kwa foni ndi kwa kanema kumachedwetsa ntchito imeneyi.

Apa ndi pamene makolo ambiri amadandaula, kuti kodi iwonso azigona 7 koloko ngati nkhuku. Ayi, koma mphindi makumi awiri kapena makumi atatu zoyambirira muzipereke kwa mwana. Muzimitse nyali, mmodzi wa inu akhale naye pafupi mwakachetechete, winayo atuluke akakhale pakhonde. Tulo take tikakhwima mukhoza kuyatsa nyali ya kubafa nkusiya chitseko chotsekula pang'ono, kapena kukhala nonse pakhondepo mukucheza motsitsa mawu. Chifukwa cha ichi, posungitsa malo funsani ngati chipindacho chili ndi khonde lakelake, ndiponso ngati chili kutali ndi bala ndi malo oimbira nyimbo, popeza nyengo ya zikondwerero zimbale zimalira mpaka usiku kwambiri. Fani imathandiza pawiri, pochepetsa kutentha komanso pophimba phokoso la kunja ndi kulira kwake kosasintha, bola isaloze mwana mwachindunji. Chimene sindingavomereze ndi kumusiya yekha m'chipinda inu nkupita kukadya kumalo ena, ngakhale kwa mphindi zochepa. Mwana wa zaka ziwiri amatha kutsekula chitseko, ndipo pamalo pomwe pali nyanja kapena dziwe losambiramo ngozi yake siichedwa. Pogona mukiye chitseko nkuchotsa kiyi.

Kunyanja neti ndi yofunika kuposa zonse zomwe ndatchulazi. Mangochi ndi dera la malungo, mwezi wa Disembala mvula imakhala itayamba, ndipo udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Ana osakwana zaka zisanu ndi amene malungo amawagwira mwamphamvu. Musadalire neti ya ku loji musanaione, chifukwa ina imakhala yobooka ndipo siifika pamatiresi oyalidwa pansi. Nyamulani neti yanu yonyikidwa m'mankhwala pamodzi ndi chingwe chomangira, ndipo muipisire bwino pansi pa matiresi mbali zonse. Ngati pasapezeke pomangira, ndi bwino kuti mwanayo agone nanu m'neti yanu kusiyana nkuti agone yekha popanda neti. Mukabwerera ku Blantyre, thupi lake likatentha m'masabata otsatirawo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze kuti munali kunyanja, chifukwa zizindikiro za malungo zimayamba patapita masiku 7 kapena kuposerapo chilumidwire.

Tulo ta masana musatinyalanyaze. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2019, limanena kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Anthu ambiri amaganiza kuti akamulekerera mwana kusewera tsiku lonse osagona, usiku adzagwa ngati chipika, koma zimachitika ndi zosiyana, chifukwa mwana wotopa mopitirira amakhala wolusa ndipo amadzukadzuka. Ulendo wochoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde ndi wa makilomita pafupifupi 190 kukafika pa boma la Mangochi, ndipo umatenga maola atatu kapena anayi. Mukanyamuka cha kum'mawa ndithu, tulo take ta masana tidzamupeza m'galimoto ndipo mudzafika dzuwa likanalipo, iye nkukhala ndi nthawi yoyendayenda m'chipindamo, kugwira makoma ndi kusuzumira kubafa, malowo asanade. Masiku enawo bwererani kuchipinda mukatha nkhomaliro, dzuwa likamaswa mtengo, ndipo akagona musamulole kupitirira 4 koloko.

Pali anthu amene angakulangizeni kuti mumumwetse mankhwala a chimfine kapena a ziwengo kuti agone. Chonde musatero. Mankhwala amenewa sanapangidwire kugoneka ana, ena a iwo monga promethazine ndi oletsedwa kwa ana osakwana zaka ziwiri chifukwa amatha kufooketsa kupuma, ndipo ana ena amawasokoneza mutu nkuwachititsa kukhala maso kwambiri m'malo mogona.

Usiku akadzuka, ndipo mwina adzadzuka ndithu tsiku loyamba, musayatse nyali yaikulu kapena kuyamba kumulankhulitsa. Ana onse amatsitsimuka pang'ono kangapo usiku, ndipo akaona denga lachilendo amachita mantha. Tambasulani dzanja, mumusisite pamsana, munene mawu ochepa omwe mumanena kunyumba, ndipo tochi ikhale pafupi chifukwa magetsi akhoza kuzima. Akakana kutonthola, muberekeni kumbuyo kapena mumutengere pabedi panu popanda kudziimba mlandu, popeza masiku anayi sangafafanize chizolowezi cha miyezi yambiri. Mukangofika ku Chilomoni, usiku woyamba womwewo mumubwezere pakabedi kake pambali pa msuweni wake, mutamusambitsa, kumudyetsa ndi kumufunditsa chitenje chake chija pa nthawi yake ya masiku onse.