Akuchotsani umanijala chifukwa timu ikugonja: lamulo likuti chiyani

Bambo,

Mwalemba kuti mwakhala manijala wamkulu wa timu ya mpira kuno ku Zomba kwa zaka 4, mukulandira malipiro pamwezi. Timu itagonja masewero angapo motsatizana, masapota n'kukuzingani pachipata, bodi inakumana popanda inu, m'mawa mwake n'kukupatsani kalata yoti ntchito yatha poti "zinthu sizikuyenda". Mukufunsa ngati angatero, komanso ngati mukadandaule ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno.

Ku Chiwembe, komwe kuli likulu la FAM, musathamangireko kaye. Makomiti a zamasewero, ngakhale bwalo la milandu la FIFA, amaona kwambiri mikangano ya osewera ndi makochi. Inu ndinu wantchito wa muofesi, ndipo chokutetezani ndi lamulo la zantchito, Employment Act ya 2000, pamodzi ndi ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko, yomwe imati aliyense azichitiridwa chilungamo pantchito. Chenjezo limodzi lokha, poti Zomba ndi tauni ya asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende: ngati umanijalawo munaupatsidwa muli muyunifolomu, Employment Act sikukukhudzani, muli ndi njira zanu zina. Ine ndikuyankha potengera kuti munalembedwa ngati munthu wamba.

Ndime 57 ya Employment Act imafuna zinthu ziwiri kwa bwana asanachotse munthu. Pakhale chifukwa chomveka, chokhudza luso lake, khalidwe lake, kapena mmene kampani ikuyendera. Ndipo ngati nkhani ili ya luso kapena khalidwe, munthuyo apatsidwe mpata woyankha zomwe akumunenazo. Chimodzi chikasowa, ndime 58 imati kuchotsako n'kopanda chilungamo.

Tsono kugonja kwa timu ndi chifukwa chomveka? Mmene ndikuonera ine, pakokha ayi. Manijala wamkulu sasankha osewera 11 olowa m'bwalo, sasintha munthu nthawi yopumulira, samenya penate. Tsegulani kontirakiti yanu muone zomwe munasainira. Kawirikawiri ntchito imeneyi ndi yoyendetsa ofesi: kulembetsa osewera msika wogula osewera usanatsekedwe, kukonza mapepala a laisensi ya timu ku FAM, kulipira osewera ndi mabonasi awo pa nthawi yake, kusunga ubale ndi makampani othandiza timu, kuyang'anira ndalama zapachipata, basi ndi malo ogona timu ikamapita ku Karonga. Mamanijala ambiri amagwera pamenepa, ndipo ena amagwa moyenera. Wosewera akasewera asanalembetsedwe bwino timu n'kulandidwa mapointi, vuto limenelo ndi la manijala. Matikiti ogulitsidwa akasiyana ndi ndalama zofika kubanki, ndi lake. Timu ikaletsedwa kugula osewera chifukwa ngongole ya wosewera wakale inanyalanyazidwa ndalama zilipo, ndi lakenso. Pazoterezi ndime 59 imalola kuchotsa munthu popanda notisi, monga pa mlandu waukulu wa khalidwe kapena kutayirira ntchito mobwerezabwereza. Koma ngakhale apo, amayenera kuyamba amumva.

Dzifunseni moona mtima ngati pali china mwa zimenezi, chifukwa kukhothi adzachifukula. Ngati palibe, ndiye kuti bodi imafuna woti masapota amuloze chala, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa zachuluka mu mpira wathu. Bodi yomwe sinapereke ndalama zogulira osewera ndi yomweyo imasaina kalata. Chabwino chake n'chakuti ndime 61 imaika udindo pa bwana: iye ndiye asonyeze chifukwa, ndiponso kuti anachita mwachilungamo. Akalephera, khothi limatenga kuti munachotsedwa molakwika. Mawu akuti "zinthu sizikuyenda" sanena tsiku, sanena ndalama, sanena chomwe munalakwa. Ngati vuto linali luso lanu, khothi lidzafunsa ngati anakuchenjezanipo, ngati anakuuzani poti mukonze, ndiponso ngati anakupatsani nthawi ndi zipangizo.

Paja amati mlandu suola, koma uwu uli ndi nthawi yake. Ndime 62 imakupatsani miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe munachotsedwa kuti mukadandaule kwa mkulu woona zantchito m'boma, kuja timati ku leba. Iye amaitana mbali zonse ziwiri kuti mugwirizane. Zikakanika pakatha mwezi, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya zantchito, komwe mumalemba dandaulo lanu pa fomu, timu n'kuyankha. Khothi limeneli si la mwambo wambiri ngati High Court, ndipo anthu ambiri amadziyankhulira okha. Amene sanakhutire ndi chigamulo amachita apilo ku High Court pa mfundo zamalamulo. Ngati ndalama ya loya palibe, funsani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pamilandu anthu osowa ndalama.

Khothi likapeza kuti anakulakwirani, ndime 63 imalola kukubwezerani pa mpando womwewo, kukupatsani ntchito ina yofanana nayo, kapena chipukuta misozi. Kunena zoona, kubwerera kukagwira ndi bodi yomwe inakutayani kumavuta, ndiye ambiri amasankha ndalama. Kwa munthu amene sanapose zaka 5, chipukuta misozi sichichepera malipiro a sabata 1 pa chaka chilichonse chomwe wagwira. Amenewo ndi malire apansi chabe. Khothi limayang'ana zomwe mwataya, ndipo limafunsanso ngati mwakhala mukusakasaka ntchito ina, choncho sungani makalata onse ofunsira ntchito. Pamwamba pake pali severance ya ndime 35, ndalama yomwe bwana amapereka ntchito ikatha, yomwe kwa inu ndi malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse chathunthu, kutanthauza masabata 8. Dziwani kuti severance imabwera ngati kuchotsako kwapezeka kolakwika kapena ngati achepetsa antchito. Wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe saiona. Palinso malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa notisi, masiku atchuthi omwe simunapite, ndi penshoni yomwe amayenera kumakuikirani mwezi ndi mwezi. Kafunseni ku kampani yosunga penshoniyo ngati ndalama zinkafikadi, chifukwa kudula pamalipiro ndi kutumiza n'zosiyana.

Simunanene ngati kontirakiti yanu inali ya zaka zowerengeka. Ngati inali yotero ndipo aidula isanathe, miyezi yotsalayo idzalowa m'nkhani ya zomwe mwataya. Onaninso dzina lomwe lili pamwamba pa kontirakitiyo, kaya ndi kampani, matrasti kapena bungwe lomwe ndi mwini timu, poti ameneyo ndiye womusumira, osati wapampando ngati munthu payekha.

Akakuitanani kuti "tikambirane ngati abale", pitani, koma musalembe kalata yosiya nokha ntchito, ndipo musasaine pepala loti mwalandira zonse musanalionetse kwa wodziwa malamulo. Makiyi, laputopu ndi mabuku a ndalama bwezani pamaso pa mboni, wolandirayo asaine. Pa Facebook ndi pawailesi khalani chete, ngakhale masapota akunyozeni bwanji, chifukwa mawu olankhula mutapsa mtima akhoza kubala mlandu wina woipitsa mbiri. Popita ku leba tengani kontirakiti, kalata yokuchotsaniyo, mapepala a malipiro, ndi mauthenga onse omwe munalembera bodi kupempha ndalama za timu.