Funsani Akonzi: Magazini ya Nyimbo ya Ophunzira

Funso: Zikomo akonzi. Ndife ophunzira a kalabu ya zolembalemba pasukulu ina ya sekondale ku Area 25, ndipo tikukonza magazini ya nyimbo ya masamba 14. Titasindikiza tsamba loyesera, chithunzi cha woimba chinatuluka chakuda bii, nkhope yosaoneka, chonsecho pafoni chimawala bwinobwino. Mawu oyera omwe tinalemba pamwamba pake sakuwerengekanso. Talakwitsa pati?

Yankho: Tiyambe ndi nambala ya masambayo, chifukwa idzakuvutani musanafike n'komwe pa zithunzi. Magazini yomanga ndi mawaya pakati imapangidwa popinda pepala la A3 pawiri, ndipo pepala lililonse limatulutsa masamba anayi a A4. Ndiye 14 sizitheka. Sankhani 12 kapena 16, kuwerengera ndi chikuto chomwe. Mukasankha 16, masamba 8 ndi 9 ali pa pepala limodzi pakatikati. Chithunzi chachikulu cha woimba chiikeni pamenepo, poti pena paliponse nkhope yodutsa pa mpindiro imatuluka yosemphana, diso lina m'mwamba lina m'munsi.

Tsono za kudako. Foni imaonetsa chithunzi ndi kuwala kochokera m'kati mwake, pomwe pepala lilibe kuwala kwakekwake; limangolandira inki zinayi zosindikizira, zotchedwa CMYK (yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda). Zithunzi za pasiteji ndiye zimavutika kwambiri, chifukwa magetsi a buluu ndi a pepo amazilala akafika papepala, ndipo pepala wamba la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) limamwa inki, malo amthunzi n'kusanduka makala. Walitsani chithunzicho mpaka chioneke ngati mwapitirira nacho pang'ono, makamaka pachipumi ndi m'masaya, kenaka sindikizani tsamba limodzi loyesera pa makina ndi pepala lomwe mudzagwiritse ntchito.

Funsaninso kuti chithunzicho chinafika bwanji. Ngati chinadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, chinachepetsedwa kale. Wojambula atumize ngati document. Chithunzi chodzaza tsamba la A4 chimafuna mapikiselo pafupifupi 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali kuti chikwane 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Chikachepera apo, musachikoke, chipatseni theka la tsamba. Chikamafika m'mphepete, chipitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse, omwe osindikiza amati bleed, kuopa kamzere koyera mpeni ukaphonya pang'ono.

Mawu oyera pamalo akuda amadyedwa ndi inki yowazungulira. Asungireni mitu ya nkhani, m'zilembo zonenepa. Nkhani yeniyeniyo ikhale yakuda pamalo oyera, ndipo kudako kukhale kwa inki yakuda yokha, komwe osindikiza amati K 100, osati kosakaniza zinayi.

Funso: Akonzi, nkhani zathu za m'Chichewa zikumatuluka ndi mipata ikuluikulu pakati pa mawu, pomwe za m'Chingerezi zili bwino. Ndine wophunzira wa ku Kawale.

Yankho: Vuto ndi madanga opapatiza. Mawu athu ndi aatali: "anawayamikiranso" atenga yekha theka la mzere, ndiye kompyuta ikamakakamiza kuti mizere ithere pamodzi kumanja, imatambasula mipata. Pa A4 ikani madanga awiri kapena atatu, osati anayi, olekana ndi mamilimita 5. Mizere iyambire pamodzi kumanzere, kumanja ithere pomwe yathera. Zilembo za nkhani zikhale 10 pt (mapointi, muyeso wa kukula kwa zilembo), mtunda wa mizere 12 kapena 13 pt.

Zimitsani kadulidwe ka mawu komwe pulogalamu imachita yokha. Kaya ndi InDesign kapena Scribus, ikakhala yotcheredwa pa Chingerezi imadula "nyim-bo", pomwe ife timadula pambuyo pa lembo la liwu: "nyi-mbo", "zoi-mba-imba". Izi zimatikhudza kwambiri, chifukwa mwana wowerenga amaphunzira kalembedwe pa zomwe waona zitasindikizidwa.

Fonti zikhale ziwiri basi, ina ya mitu ina ya nkhani. Tikudziwa kuti magazini ya nyimbo imafuna phokoso, koma phokosolo libwere ndi chithunzi chachikulu ndi mutu wonenepa. Musanaisankhe fonti, lembani mawu akuti "Malaŵi" ndi "ng'oma". Zina zokongoletsa zilibe ŵ, zimangoika kabokosi. Potumiza kwa osindikiza, pangani PDF yokhala ndi fontizo m'kati, apo ayi makina awo adzalowetsapo zina.

Funso: Kodi tingasindikize mawu onse a nyimbo yotchuka patsamba lomaliza?

Yankho: Pokhapokha mwini nyimbo atavomera, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa. Mawu a nyimbo ndi chuma cha wopeka, chotetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zopeka zina la COSOMA, lomwe likulu lake lili konkuno ku Lilongwe, lingakuuzeni wopempha. N'chimodzimodzi zithunzi zotola pa Facebook: pemphani kwa wojambula, ndipo dzina lake lilembedwe m'mbali mwa chithunzicho m'zilembo za 7 pt.