Chithunzi cha kumbuyo kwa webusaiti chikuonetsa msoko, nditani?

Mayi wina wogulitsa zoluka wandilembera imelo. Adajambula mphasa ndi foni kuti chithunzicho chikhale kumbuyo kwa webusaiti ya shopu yake, koma pakuoneka mizere paliponse pomwe zidutswa zakumana, tsamba lonse langokhala mabokosi okhaokha. Akufunsa ngati agule foni ina.

Mayi, ndalamayo sungani, foni ilibe mlandu. Browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imatenga kachithunzi kamodzi n'kumakayala mobwereza, chopita kumanja ndi chotsika. Mu CSS, malamulo okonzera maonekedwe a webusaiti, zimenezi ndi background-repeat, ndipo zimachitika zokha ngakhale musalamule. Choncho mbali ya kumanzere iyenera kupitiriza ndendende pomwe ya kumanja yathera, ya kumwamba chimodzimodzi ndi ya kumunsi. Tayang'anitsitsani chitenje mwavalacho: maluwa akubwerezeka, koma pomwe ayambira simupapeza.

Dulani chithunzicho chikhale ma pixel 1000 m'litali ndi 1000 m'lifupi. Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani pa Filter, Other, Offset, lembani 500 m'mabokosi onse awiri, musankhe Wrap Around. Misoko yonse ibwera pakati itapanga mtanda. Ifufuteni modekha ndi Clone Stamp, chida chokopera mbali ina ya chithunzi n'kumata pamsoko, koma m'mphepete mwatsopanomo musakhudzemo, chifukwa ndi momwe mwagwirana kale. GIMP, pulogalamu ina yokonzera zithunzi yomwe ndi yaulere, ili ndi Offset pansi pa Layer, Transform. Ilinso ndi Tile Seamless yochita zonse yokha, koma pa mphasa ine sindiikonda. Imasanjikiza chithunzi pamwamba pa chinzake, mabango n'kuoneka awiriawiri, achimbuuzi.

Tsono chomwe ambiri amaphonya ndi kuwala. Mutha kufufuta msoko bwinobwino, mabokosi aja n'kumaonekabe. Mphasa ikajambulidwa pakhonde, mbali yoyang'ana panja imawala, ya kukhoma imada. Pachithunzi chimodzi diso silizindikira, koma chikabwerezeka mumaona kuwala, mdima, kuwala, mdima, mpaka pansi pa tsamba. Jambulaninso pamthunzi wofanana ponseponse, kapena tsiku la mitambo, foni itayang'ana mphasa molunjika kuchokera pamwamba. Ikapendekeka pang'ono chabe, mabango amaoneka othithikana mbali imodzi ndipo sadzakumana ndi anzake. Samalaninso mthunzi wa dzanja lanu usagwerepo. Ngati kujambulanso sikutheka, High Pass, yomwe ili pamodzi ndi Offset mu Photoshop, imathandiza kufananitsa kuwalako, ngakhale mtundu umazimiririka.

Chinanso ndi kanthu kamodzi koonekera kwambiri. Mfundo yakuda pa bango limodzi, kapena chingwe chothothoka, chimakongoletsa mphasa yeniyeni, koma pa webusaiti chidzaoneka mumzere uliwonse pamalo omwewo, ndipo aliyense adziwa kuti ndi chithunzi chobwereza. Chichotseni. Musanaike pa intaneti, yalani zidutswa zitatu chopingasa, zitatu chotsika, muchepetse chithunzicho, muime chapatali. Photoshop kuyambira 2020 ili ndi Pattern Preview pansi pa View yochitira zomwezi.

Posunga chithunzicho, sankhani mtundu wa fayilo wa JPEG kapena WebP, ndipo ma pixel 500 akwana. Makasitomala anu ambiri atsegula pafoni ndi bando yawo, musawamalizire. Koma musafinye JPEG mopitirira, chifukwa imaononga m'mphepete msoko n'kubwereranso.

Mitengo ya katundu ndi nambala yanu musazilembe mwachindunji pamphasa, mizere ya mabango imasokoneza zilembo. Ikani bokosi la mtundu umodzi, loyera kapena lofiirira pang'ono, mawu akhale m'menemo, mphasa izionekera m'mbali. Mukakonza munditumizire ndidzaone.