Za mapu apepo aja ndi sinowo amene akuti akubwera

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Mwati mwaona mapu pa Facebook, UK yense atamupaka utoto wapepo, pamwamba atalemba kuti sinowo wa masentimita 30 agwa pakatha masiku 12, ndiye mukufunsa ngati n'zoona komanso ngati musinthe tsiku limene amayi akutera ku Heathrow, bwalo lalikulu la ndege la ku London. M'munsimu ndaona anthu agawikana, ena akuti "Beast from the East" (chilombo cha kum'mawa, dzina limene anapatsa kuzizira koopsa kwa mu 2018) akubweranso, ena akuti ndi bodza la manyuzipepala. Tikiti ya amayi musaikhudze kaye. Chifukwa chake ndifotokoza, koma mundipirire, nkhani imeneyi ndi imene imandigonetsa mochedwa chaka chilichonse kuyambira Novembala mpaka Malichi.

Ndiulule kaye kuti ine ndine mmodzi wa anthu openga ndi zanyengo aja. Matendawa ndinawatenga mu Disembala 2010, chaka changa choyamba kuno. Mwezi umenewo unali Disembala wozizira kwambiri pa zaka 100, Heathrow inaima patangotsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ifike, anthu n'kumagona pansi pabwalo la ndege atafunda zofunda zonyezimira zija. Ine ndinali ndi jekete limodzi lokha la pakaunjika ku Limbe, ndikuyesa kuti poti ndinapirira chiperoni cha ku Thyolo ndiye kuzizira ndikukudziwa. Chiyambire pamenepo ndinalumbira kuti nyengo ya kuno isadzandidzidzimutsenso, ndipo ndinayamba kuphunzira kuwerenga mapu.

Mapu mwaonawo sanajambulidwe ndi munthu wabodza ayi. Atuluka m'kompyuta yeniyeni. Makompyuta olosera zanyengo amene anthu amakanganirana kuno akuluakulu ake ndi atatu: GFS ya ku America, ECMWF ya mayiko a ku Ulaya imene likulu lake lili ku Reading, ndi ya Met Office, nthambi ya zanyengo ya boma la UK, ku Exeter. GFS imawerengera kanayi pa tsiku, ulendo uliwonse n'kulosera mpaka maola 384 kutsogolo, amene ndi masiku 16, ndipo zotsatira zake aliyense amazitenga kwaulere. Werengani nokha: kanayi pa tsiku, pa sabata ndi maulendo 28. Pa maulendo 28 m'nyengo yozizira simungalephere kupezapo umodzi umene cha kumapeto kwake ukuonetsa dziko lonse litakwiririka. Wolemba nkhani amene akufuna kuti mudine amasankha ulendo umenewo, n'kusiya 27 imene ikuonetsa mvula yawamba ya ku Manchester. Pakatha maola sikisi kompyuta yomweyo imatulutsa mapu ena, sinowo uja atasamukira ku Norway, koma nkhani ija imangoyendabe m'mafoni mwa anthu.

Si kuti makompyutawo ndi achabechabe. Vuto lili ndi mpweya weniweniwo. Katswiri wina wa ku America, Edward Lorenz, anaonetsa mu 1963 kuti ukalakwitsa pang'ono chabe poyeza mmene mpweya ulili lero, kalakwiko kamakula tsiku ndi tsiku mpaka ulosi wonse kusokonekera. Ndipo palibe amene angayeze mpweya wonse wa pamwamba pa nyanja ya Atlantic osaphonyako kena. N'chifukwa chake ulosi wa mawa ndi mkuja umakhala wodalirika, wa masiku asanu umagwirabe, koma ukapitirira sabata umayamba kuterera. Anzanga a mapu ali ndi dzina la chigawo chimenecho, amati "Fantasy Island", kutanthauza dziko la maloto. Mapu anu a tsiku la 12 ali mkatikati mwa chilumba chimenecho.

Akatswiri enieni sayang'ana ulendo umodzi. A ECMWF amaiyendetsa kompyuta yawo maulendo 51 nthawi imodzi, uliwonse atasintha pang'ono poyambira, n'kuona ngati yonse ikukathera kumodzi. Zotsatira zake amazijambula ngati mizere, mzere uliwonse ulendo umodzi. Ndinatsegula ya London m'mawa uno ndili m'basi. Masiku anayi oyamba mizere yonse yagwirana ngati chingwe chimodzi. Kuyambira tsiku lachisanu ndi chimodzi yayamba kutayana, ndipo pofika tsiku lanu lija yabalalika ngati supageti wotayikira pansi, ina yakwera kofunda, ina yatsika kozizira koopsa. Yotsikayo ilipodi, sindikukana. Koma mizere ikabalalika chonchi tanthauzo lake n'lakuti nkhani sinagamulidwe.

Tsono mkangano mwauona m'munsimu ndi wachibwana poyerekeza ndi wa eni ake. Kuno kuli anthu, ambiri ndi abambo achikulire, ena opuma pantchito, amene ali ndi kachipangizo koyezera kuzizira kuseri kwa nyumba ndipo amadzuka 4 koloko m'mawa kudikira kuti GFS itulutse mapu atsopano. Agawikana ngati a Bullets ndi Manoma. Gulu lina limakonda kuzizira, likaona kamphepo kochokera kum'mawa pa tsiku la 14 limayamba kale kukamba za 1963, chaka chimene sinowo amene anagwa itangotha Khirisimasi ya 1962 anakhala pansi mpaka Malichi, nyanja n'kuundana ku gombe la Herne Bay. Gulu linalo ntchito yake n'kuthira madzi pamoto: "Atlantic ipambana, muona." Ndipo kunena chilungamo, Atlantic imapambanadi nthawi zambiri, chifukwa mphepo yachizolowezi kuno imachokera kum'mwera chakumadzulo, itadutsa pamadzi ofunda. Ulendo wa GFS umene umatuluka usiku cha m'ma 10 koloko anaupatsa dzina loti "pub run", ati umaonetsa zinthu ngati munthu wochokera ku bawa. Ndinaonapo bambo wina wazaka zoposa 60 atakwiya zenizeni, n'kulengeza kuti nyengo yozizira yatha, pa 3 Disembala, chifukwa choti mapu amodzi anamulanda sinowo amene anali asanagwe n'komwe. M'mawa mwake mapu atasintha anabwerera ngati sipanachitike kanthu. Ndimawakonda anthu amenewa, ndaphunzira zambiri kwa iwo, ndipo ena amadziwa zinthu mozama. Koma muzikumbukira kuti ambiri a iwo sinowoyo akumufuna, ndiye maso awo amathamangira mapu amene akuwasangalatsa. Kwa iwo ndi masewera, inu muli ndi shifiti ya 7 koloko.

Achimwene amene alemba kuti "SSW yachitika, basi tatha" akhudza nkhani yeniyeni, koma aidumphitsa. Pamwamba kwambiri pa North Pole, makilomita pafupifupi 30 kuchokera pansi, m'nyengo yozizira mumazungulira chimphepo champhamvu chochokera kumadzulo, chimene chimakhala ngati khola lotsekera mpweya wozizira. Zaka zina mpweya wa kumwambako umatentha mwadzidzidzi, ngakhale ndi madigiri 50 pa masiku ochepa, chimphepo chija n'kufooka kapena kutembenuka kumene, ndipo kutentha kwadzidzidzi kumeneku ndiko amati SSW. Zikatero, pakatha sabata ziwiri kapena zitatu kusokonekerako kumatha kutsika mpaka kuno pansi, ndipo ngati mpweya wolemera wakhazikika pa Scandinavia, mphepo imayamba kuchokera ku Russia. Ndi zimene zinachitika mu 2018. Kumwambako kunatentha cha pa 12 Febuluwale, ndipo pa 28 Febuluwale a Met Office anatulutsa chenjezo lofiira la sinowo pakati pa Scotland. Ndinali ku Glasgow nthawi imeneyo. Magalimoto mazanamazana anagona pamsewu wa M80, mabasi anaima, m'mashopu buledi ndi mkaka zinatha. Ine ndinayenda wapansi ola limodzi ndi theka kupita kunyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira ntchito, nditavala mapepala apulasitiki mkati mwa nsapato, ndipo ndinagona konko masiku awiri chifukwa wondilandira sanathe kufika. Kenako mkuntho wotchedwa Emma unabwera kuchokera kum'mwera n'kukumana ndi mpweya wozizira uja, kum'mwera kwa Wales ndi Devon n'kukwiririka.

Koma chaka chotsatira chenichenicho, kumayambiriro kwa Januwale 2019, kumwambako kunatenthanso. Anzanga aja anasangalala, manyuzipepala analemba kuti chilombo chikubwerera. Chimene chinabwera ndi kasinowo ka masiku ochepa kumapeto kwa mwezi, ndipo pa 26 Febuluwale ku Kew Gardens ku London kunafunda mpaka madigiri 21.2, anthu n'kumadya ayisikirimu m'mapaki atavala malaya odula manja. Ndiye SSW imangotsegula chitseko. Mpweya wozizirawo ukhoza kutulukira kwa ife, ukhozanso kupita ku Canada kapena ku Greece.

Chinthu china chimene anthu amasakaniza ndi kuzizira ndi sinowo. Kuzizira kumaoneka patali. Ngati mpweya wa ku Arctic ukubweradi, pofika masiku asanu kapena asanu ndi limodzi makompyuta onse atatu amakhala atagwirizana, ndipo a Met Office amayamba kunena poyera. Sinowo ndiye wovuta. Dziko lino ndi chilumba, ndipo nthawi zambiri timakhala pamalire penipeni: digiri imodzi yokha ndi imene imasiyanitsa sinowo ndi mvula yozizira yonyowetsa masokosi. Ife a mapu timayang'ana mpweya wa pamtunda wa kilomita imodzi ndi theka, ukafika madigiri 5 pansi pa ziro timayamba kuyembekezera, koma zimadaliranso ngati mpweya wapansi uli wouma, ngati kukugwa mwamphamvu, ngati ndi usiku kapena masana, ngati muli pafupi ndi nyanja, ngakhalenso kutalika kwa phiri limene mukukhala. Ku Sheffield munthu wa kumtunda amachotsa sinowo ndi fosholo pakhomo pomwe mnzake wa m'tauni akuyenda ndi ambulera. Mphepo ikachokera kum'mawa imatola chinyezi pa North Sea n'kumwaza sinowo m'mizere yopyapyala ku Kent, Norfolk, Lincolnshire mpaka Newcastle, tauni ina kuyera mbee, ina makilomita 15 okha kumbali kuli dzuwa. Zimenezi ife sitiyenera kudabwa nazo. Kwathu mvula yoyamba imagwa m'munda mwa mnansi, iwe uli chiimire ndi mbewu m'manja, fumbi lili koboo. Ndani angakuuzeni kudakali masiku 12 kuti mtambo umenewo udzathira munda uti? Munthu woona mtima amanena za sinowo wa pakhomo panu kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ngakhale pamenepo amati "mwina".

Ndiye chochita n'chiyani? Ikani apu ya Met Office pafoni, mulembemo dera lanu ndi la Heathrow. Machenjezo awo ali mitundu itatu. Lachikasu limatuluka kawirikawiri, limangoti khalani tcheru ndipo nyamukani msanga. La amber, looneka ngati lalanje, ndiye loti muganizenso za ulendo ndi kuimbira abwana anu kudakali nthawi. Lofiira silituluka wambawamba, likatuluka khalani m'nyumba. Kutatsala masiku atatu kuti amayi anyamuke, yang'anani pamenepo ndi pa uthenga wa kampani ya ndege. Ndege ikalephereka chifukwa cha nyengo, nthawi zambiri kampaniyo ndi imene imawapezera ina, pomwe mukasintha nokha lero chifukwa cha mapu apepo, ndalama yosinthira ituluka m'thumba mwanu. Zoti mabwalo a ndege amatsekedwa n'zoona, pa 11 Disembala 2022 Gatwick ndi Stansted anaimitsa ndege usiku chifukwa cha sinowo, koma nthawi zambiri zimakhala za maola, osati za masabata.

Ine chimene ndimaopa kwambiri si sinowo, ndi madzi oundana pansi. Sinowo umamuona, umaponda mosamala. Koma kukagwa kamvula madzulo, usiku kumwamba n'kuyera, m'mawa msewu umangooneka ngati wonyowa pomwe ndi galasi. Magalimoto othira mchere amadutsa m'misewu ikuluikulu, kanjira kanu kopita pa siteji ya basi sakafikako. Ndinagwapo chagada pa geti ndi chakudya changa cha kuntchito m'manja, dzanja linatupa mwezi wathunthu. Gulani nsapato za mapazi okakala, yendani timasitepe tating'ono, manja atuluke m'matumba. Ngati magetsi ndi gasi wanu ndi wa mita yolipiriratu, thiranimo mayunitsi kuzizira kusanafike. A zaumoyo kuno amalangiza kuti chipinda chimene mumakhalamo chisatsike pansi pa madigiri 18, makamaka kwa achikulire ngati amayi. Ndikudziwa bilu imawawa, koma chonde, zoyatsa makala kapena mbaula ya nyama m'nyumba ayi. Nyumba za kuno n'zotsekeka ponseponse, utsi wake sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Ndipo amene muli ndi ana, auzeni kuti dziwe likaundana si bwalo losewerera. Tsiku lomwe lija la 11 Disembala 2022 anyamata anayi anagwera m'nyanja ina yaing'ono ku Solihull madzi oundana ataswekera pansi pawo, ndipo onse anamwalira.

Za kugula chakudya, thumba la ufa, mpunga, nyemba ndi mkaka wokhalitsa n'zokwanira, ndipo ndikukhulupirira kuti m'nyumba ya Mmalawi zimenezi zilimo kale. Musakalimbirane buledi ndi azungu.

Mapu ndiziwayang'anabe, si kuti ndingathe kuleka. Lachinayi likubwerali tsiku la amayi lidzakhala litalowa m'masiku asanu, ndipo ndidzalemba pansi pano ngati mizere ija yagwirana. Kaya kugwa sinowo kaya ayi, popita ku Heathrow mudzatenge jekete lalikulu, chipewa, magolovesi ndi masokosi aubweya, mudzalowe nazo mkati mpaka pamene amatulukira. Amayi adzatsika ndege ya ku Addis kapena ku Nairobi atavala juzi yawo ya mu Juni ndi chitenje paphewa, akunena kuti iwo ndi a ku Dedza, kuzizira akukudziwa. Amayi anga ananenanso chimodzimodzi, mpaka pamene chitseko cha kokwerera basi chinatseguka.